Ophunzira akufuna kompyuta, koma yambani ndi mpweya wa Lusaka

Funso: Ndangoyamba kumene kuphunzitsa uinjiniya pa koleji ina muno mu Lusaka, ndipo andipatsa phunziro la kakonzedwe ka zotenthetsa, zoziziritsa ndi kayendedwe ka mpweya m'nyumba. Ophunzira anga ndi a chaka chachinayi. Mabuku amene tili nawo ndi a ku America ndi ku Britain, m'labotale zida ndi zochepa, ndipo ophunzirawo akungofuna ndiwaonetse pulogalamu ya pakompyuta, ati ndiyo imene mabwana amafunsa polemba ntchito. Masabata ndi owerengeka. Ndiyambire pati, ndipo ndisiye ziti? Ndine mphunzitsi wa ku Chelstone.

Yankho: Aphunzitsi, pulogalamuyo mudzawaonetsa ndithu, koma muisungire masabata omaliza. Cholinga chanu chikhale chakuti wophunzira aliyense, pomaliza phunziroli, azitha kuloza nambala iliyonse pa pepala lake n'kunena kumene yachokera, komanso ngati ndi ya kuno kapena yobwereka. Manambala obwereka ndiwo amatiwonongera ntchito kwambiri. Mabuku muli nawowo ndi abwino, musawanyoze, pakuti kutentha kumayenda mofanana kulikonse. Zimene zimasiyana ndi mpweya, dzuwa, madenga athu ndi magetsi athu, ndipo zimenezi muzibweretsa ndinu m'kalasimo chifukwa wolemba bukuyo sanaziganizire.

Yambani ndi mpweya. Lusaka ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280 poyerekeza ndi nyanja yamchere. Matebulo ambiri a m'mabukumo anawerengera mpweya wa m'mphepete mwa nyanja, umene umapanikiza 101.3 kPa (kPa ndi muyeso wa kupanikiza kwa mpweya) ndipo kiyubiki mita imodzi imalemera makilogalamu 1.2. Kuno mpweya umapanikiza pafupifupi 87 kPa basi, ndipo kiyubiki mita yomweyo imalemera pafupifupi makilogalamu 1.03. Mpweya wopepuka umanyamula kutentha kochepa. Musangowauza, apatseni samu awerenge okha. Chipinda chikufuna kuchotsedwa kutentha kwa 10 kW, ndipo mpweya wolowa ndi wozizira ndi madigiri 10 kuposa wa m'chipindamo. Injiniya wa ku Dar es Salaam apeza kuti akufunika malita pafupifupi 830 pa sekondi. Wa ku Lusaka apeza 970. Malita 140 owonjezerawo akufuna duct (chipaipi chodutsamo mpweya) yokulirapo ndi fani yosankhidwa mosamala. Amene wakopera tebulo la m'buku amaika duct yothina, kenako mwini nyumba amayamba kuimba foni kuti makina sakuziziritsa, pamene makinawo alibe vuto lililonse.

N'chimodzimodzi ndi tchati cha psychrometric, chimene chimaonetsa mgwirizano wa kutentha ndi chinyezi cha mumpweya. Chimene chili kumapeto kwa buku ndi cha kunyanja. Bungwe la mainjiniya a ntchito imeneyi la ku America, la ASHRAE, lili ndi matchati a malo okwera, monga cha mamita 1,500, koma chabwino koposa n'chakuti ophunzira ajambule chawo pa Excel ataika 87 kPa. Amene wajambula yekha tchatichi saopanso mizere yokhotakhota ija.

Pa tchatichi pakhalitseni, ngakhale masabata awiri, chifukwa phunziro lonse latsamira pamenepa. Ophunzira amabwera akuganiza kuti ntchito ya eyakoni ndi kutsitsa madigiri basi. Auzeni kuti Willis Carrier, amene anayambitsa eyakoni yamakono, pamene ankakonza makina ake oyamba mu 1902 pa fakitale yosindikiza ku Brooklyn, ankalimbana ndi chinyezi chimene chinkafufumitsa mapepala n'kusokoneza mitundu ya inki, osati thukuta la antchito. Kutentha kuli pawiri: kwina kumakweza madigiri pa themometa, kwina kumabisala m'nthunzi ya madzi imene ili mumpweya. Lusaka ndi mzinda wabwino kwambiri wophunzitsira zimenezi chifukwa tili ndi nyengo zotentha ziwiri zosafanana. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, masana madigiri amadutsa 30, koma mpweya umakhala wouma, milomo kuchita kung'aluka. Mu Januwale madigiri amatsikako, koma mpweya umadzaza chinyezi, zovala pachingwe osauma. Nyumba imodzi, mavuto awiri, ndipo makina oyenera vuto limodzi akhoza kulephera linalo.

Za labotale musadandaule kwambiri. Gulani mathemometa awiri, imodzi muikulunge kansalu konyowa kumutu kwake, muzipemerera ndi fani kapena kuzizunguza pachingwe. Ophunzira aziwerenga m'mawa, masana ndi madzulo, n'kumaika madontho pa tchati chawo. Tiyerekeze kuti masana a Okutobala themometa youma yanena 32 ndipo chinyezi chili pa 25 peresenti. Yonyowa ija inena pafupifupi 18. Mpata wa madigiri 14 umenewu ndi chuma. Ndi mpata womwewo umene umaziziritsa madzi a mumtsuko wa agogo pakhonde: madzi otuluka m'timabowo ta dothi akamauma amatenga kutentha n'kupita nako. Makina oziziritsa pouluza madzi, abwino ake, akhoza kutsitsa mpweya umenewu kufika cha m'ma 21, akudya magetsi a fani ndi kapampu kakang'ono basi, opanda kompresa. Kwa nyumba yosungiramo katundu, fakitale, tchalitchi kapena holo yaikulu, imeneyi ndi njira yoyenera kuiyesa musanaganize zina. Koma muwafunse ophunzira kuti mu Januwale zikhala bwanji, ayankhe okha poyang'ana tchati kuti mpata uja watha. Muwakumbutsenso kuti madzi a pansi a Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, motero amasiya zoyera zolimba m'mapaipi ndi m'makinawo, ndipo wokonza mapulani ayenera kulemba za katsukidwe.

Chinyezi chomwechi ndicho chidzawachotsera maganizo akuti eyakoni ikakula ndiye kuti zili bwino. Makina aakulu kupitirira muyeso amatsitsa madigiri msanga n'kuzima asanafinye madzi mumpweya. Mu Januwale chipinda chotere chimazizira koma thupi limamata, ndipo kuseri kwa makabati kumayamba chuku. Mwini wake walipira ndalama zambiri kugula mavuto.

Dzuwa nalo mabuku anu analitembenuza. Ku Chicago kapena ku London khoma lolandira dzuwa ndi la kummwera. Ife tili madigiri pafupifupi 15 kummwera kwa equator, choncho miyezi yambiri dzuwa la masana limapendekera kumpoto, makamaka mu Juni ndi Julayi. Limadutsa pamutu penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera pang'ono kummwera. Wophunzira wokopera tebulo la mazenera osatembenuza mbali amaika mthunzi kumene kulibe dzuwa. Makoma a kumpoto ndi kummwera savuta kuwateteza, denga lotulukirako pang'ono kapena khonde zimakwanira chifukwa dzuwa limakhala pamwamba. Mdani ndi zenera la kumadzulo. Cha m'ma 3 koloko masana mu Okutobala dzuwa limalowa mopendekera, pansi pa khonde, pa nthawi imene kunja kwatentha kale. Tengani ophunzira muyende nawo mu Cairo Road masana, aime moyang'ana Findeco House ndi nyumba zina zazitali, aone okha mbali imene makatani atsekedwa ndi kumene mabokosi a eyakoni achuluka pakhoma. Ulendo umenewu sufuna ndalama ina koma ya minibasi.

Kwa nyumba zosasanja, zimene ndi zambiri mwa ntchito zimene ophunzira anu adzagwire, katundu wamkulu, kutanthauza kutentha kumene makina ayenera kuchotsa, amatsikira padenga. Malata opanda siling'i amalowetsa kutentha pafupifupi 6 kapena 7 W pa sikweya mita pa digiri iliyonse, ndipo malata akuda padzuwa amatentha kuposa mpweya wakunja ndi madigiri ambiri. Mukayala insulation (zotchinga kutentha) ya glass wool yochindikala mamilimita 50, nambala ija imatsika kufika cha m'ma 0.7. Wophunzira akawerenga yekha zimenezi amayamba kuona denga ndi maso ena.

Tsono ntchito yaikulu ya temu yonse ikhale chipinda chimene mumaphunzitsiramocho. Agaweni m'magulu, gulu lililonse litenge tepi. Ayeze makoma, mazenera, kutalika kwa siling'i. Agogode khoma adziwe ngati ndi la mabuloko kapena njerwa. Mmodzi akwere makwerero asuzumire m'siling'imo aone ngati muli insulation. Awerenge mababu ndi malaputopu, adziwerengenso okha. Munthu wokhala pansi akulemba amatulutsa kutentha pafupifupi 115 W, mbali ina yokweza madigiri, mbali ina ya thukuta ndi mpweya wa m'kamwa. Anthu 60 ndi pafupifupi 7 kW. Popeza m'masitolo ma eyakoni amagulitsidwa ndi ma BTU, muyeso wina wa kutentha, aphunzitseni kusintha: 12,000 BTU pa ola ndi 3.5 kW. Ndiye kuti makina a 24,000 BTU atha ndi matupi a anthu okha, denga ndi mazenera tisanaziwerenge. Zonsezi awerenge pamanja, pa maola angapo osiyana a tsiku, kuti aone kuti katundu wa zenera la kummawa ndi wa zenera la kumadzulo safika pachimake nthawi imodzi.

Akapeza nambala yawo, musawalole kutsegula katalogi. Auzeni achepetse kaye katunduyo: siling'i, insulation, utoto woyera pamalata, mthunzi pa zenera la kumadzulo, mtengo wobzalidwa pamalo oyenera. Gulu lililonse lionetse ma kW amene lachotsa ndi mtengo wake mu kwacha, poyerekeza ndi mtengo wa makina ndi magetsi a zaka khumi. Apa ndi pamene injiniya amasiyana ndi wogulitsa ma eyakoni. Chitsanzo chili pafupi, ku Harare. Nyumba ya Eastgate, imene Mick Pearce anajambula ndipo inatsegulidwa mu 1996, imakoka mpweya wozizira wa usiku ndi mafani, n'kuziziritsa konkire wa nyumbayo kuti masana aziyamwa kutentha. Harare ndi mzinda wokwera ngati wathu, ndipo usiku wa Lusaka nawo umazizira ngakhale m'nyengo yotentha. Ophunzira adziwe kuti zimenezi zinachitika kwa anansi athu, si nkhani ya kutali.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'nyumba zimene ndimayenderamo ndi mpweya watsopano. Eyakoni ya pakhoma ija, imene yadzaza m'maofesi, m'makiliniki ndi m'makalasi, silowetsa mpweya wakunja ngakhale pang'ono. Imangozunguza umene uli m'chipindamo. Anthu amatseka mazenera kuti kuzizira kusathawe, ndiye amapuma mpweya wa anzawo tsiku lonse. Ngati pali chida chimodzi choti mupemphe akuluakulu a koleji akugulireni, ndi kamita koyeza carbon dioxide. Panja kamanena cha m'ma 420 ppm, kutanthauza magawo 420 pa miliyoni. Tsekani mazenera ndi zitseko kalasi itadzaza, wophunzira mmodzi azilemba nambala pabolodi mphindi zisanu zilizonse. Phunziro lisanathe mudzaona itadutsa 1,000 ikukwerabe, ena akuyasamula. Kenako tsegulani mazenera mbali zonse ziwiri aone mmene ikutsikira. Malangizo a CIBSE, bungwe la mainjiniya la ku Britain, amanena malita 10 pa sekondi kwa munthu aliyense m'maofesi, ndipo malangizo a ASHRAE a nambala 62.1 ali ndi kawerengedwe kawo kophatikiza anthu ndi kukula kwa chipinda. Kwa anthu 60 tikunena malita 600 pa sekondi a mpweya wakunja, umene uyenera kusefedwa fumbi ndi kuziziritsidwa. Abwerere ku masamu awo akawonjezere katundu ameneyu, chifukwa ambiri adzakhala atamuiwala.

M'dziko ngati lathu, mmene chifuwa chachikulu cha TB chikadali pakati pathu, nkhani imeneyi ndi ya moyo. Chipinda chopatulira wodwala matenda oyenda mumpweya chimafuna kuti mpweya usinthidwe kosachepera ka 12 pa ola, ndipo uziyenda kuchokera m'kolido kulowa m'chipindamo, osati kutuluka kupita kwa odwala ena. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2009 a zipatala zodalira mazenera, linanena malita 160 pa sekondi kwa wodwala aliyense m'zipinda zotere. Ena mwa ophunzira anu adzajambula makiliniki a ku Kanyama, ku Chawama kapena kumidzi. Adziwe kuti mazenera oyang'anizana ndi potulukira mpweya pamwamba pa denga nazo ndi uinjiniya wofuna masamu.

Mwafunsa zoti musiye. Machaputala a ma boiler, ma radiator ndi chipale chofewa dutsani mofulumira, tsiku limodzi lakwana, kuti amene adzapite kunja asadzadabwe. Koma musanene kuti Lusaka sifuna zotenthetsa. Mu Juni ndi Julayi mbandakucha madigiri amatsika pansi pa 10, ndipo chipinda cha makanda obadwa kumene kuchipatala sichingadikire dzuwa. Aphunzitseni kuti eyakoni yotha kutembenuza ntchito yake imapereka kutentha pafupifupi katatu kuposa magetsi amene yadya, pamene hita ya waya imangobweza zimene yadya. Muwauzenso za mbaula. Malasha oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo ndi mtundu, umene umagwira magazi mwamphamvu kuposa oxygen, munthu n'kufera kutulo. Ambiri mwa ophunzira anu anakulira m'makomboni momwe mbaula imalowa m'nyumba kukazizira. Awerenge kuti kachipinda ka mamita atatu mbali zonse kali ndi mpweya wochuluka bwanji, ndipo mbaulayo ikuutha mofulumira bwanji. Phunziro limenelo adzapita nalo kwawo tsiku lomwelo.

Magetsi akhale funso lokhazikika pa pulani iliyonse: malaiti akapita, nyumba iyi ikhala bwanji? Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, tinakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi, ndipo nyumba za magalasi osatseguka zinasanduka zosakhalika. Wophunzira asiyanitse zipinda zimene sizingadikire, monga fiyeta yochitiramo opaleshoni, chipinda cha ma server, kapena mosungira katemera amene amafuna madigiri 2 mpaka 8, ndi zipinda zimene zenera lotseguka lingazipulumutse. Adziwe kuti kompresa yachikale ikamadzuka imakoka magetsi kangapo kuposa ikamayenda, ndipo jenereta yosankhidwa mosaganizira zimenezi imagwada. Makina a inverter amadzuka pang'onopang'ono. Aonenso kuti nthawi imene sola imapereka magetsi ambiri ndi yomweyo imene maofesi amafuna kuzizira.

Za gasi wa m'makina, sabata imodzi ikwanira. Pangano la Montreal la 1987 ndilo likuchotsa gasi wa R-22, amene maiko ngati athu ayenera kusiya pofika 2030, ndipo kusintha kwa ku Kigali kwa 2016 kukuchepetsa magasi a gulu la HFC, monga R-410A ndi R-32. R-410A amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide ka 2,088, R-32 ka 675, pamene R-290, amene ndi propane, ndi ka 3 kokha koma amayaka moto. Makina amene wophunzira adzasankhe adzakhala padenga zaka khumi ndi zisanu kapena kuposa, choncho afunse ngati gasi wake adzapezekabe ndiponso ngati amisiri a kuno akudziwa kumugwira bwino.

Amisiriwo aitaneni m'kalasi. Pezani mmodzi amene wakhala zaka zambiri akuika ndi kukonza ma eyakoni ndi mafiriji, mumpatse mpando wolemekezeka, abwere ndi mageji ake, pampu ya vacuum ndi makina akale oti aphwasule pamaso pa ophunzira. Awaonetse fyuluta imene yameza fumbi la mphepo ya Ogasiti, paipi yotaya madzi imene inaikidwa mosatsetsereka mpaka madzi kudontha pa siling'i, ndi bokosi lakunja limene linapanikizidwa pakona moti likupuma mpweya wake womwe wotentha. Iye adzawauza zimene buku silinena, monga zakuti pamalo pamene munthu sangafike ndi makwerero, fyuluta yake sidzatsukidwa mpaka makinawo atafa. Ophunzira a digiri nthawi zina amayang'ana amisiri pansi. Chizolowezi chimenechi chithetseni asanamalize sukulu, chifukwa pulani yawo idzakhala yamoyo kapena yakufa m'manja mwa anthu amenewa.

Pulogalamu ya pakompyuta ibwere masabata atatu omaliza. EnergyPlus ndi yaulere. HAP ya kampani ya Carrier imagwiritsidwa ntchito m'maofesi ambiri a mainjiniya. Imene mungapeze ndi yomweyo, chifukwa wodziwa imodzi savutika kuphunzira ina. Alowetse chipinda chomwe chija anayeza ndi tepi, asankhe fayilo ya nyengo ya Lusaka, aone ngati kukwera kwa malo kwalowa bwino, ndipo asinthe makoma, madenga ndi maola a ntchito amene pulogalamuyo imadziikira yokha, pakuti amenewo ndi a nyumba za ku America. Yankho la kompyuta aliike pambali pa la pamanja. Zikasiyana kwambiri, ntchito yawo ndi kupeza chifukwa, ndipo malikesi ambiri akhale pa kufotokozako. Zoti mabwana amafunsa za pulogalamu n'zoona, koma funso lotsatira limakhala lakuti, nambala iyi mukuikhulupirira chifukwa chiyani? Woyankha kuti kompyuta ndiyo yatero ntchito samupatsa.

Mayeso omaliza asakhale a papepala okha. Gulu lililonse liime kutsogolo ndi mapulani ake, masamu ake ndi mndandanda wa makina, ndipo inu muziloza munthu aliyense payekha, osati wolankhula bwino yekhayo. Lemberani a Engineering Institution of Zambia kapena maofesi a mainjiniya a muno mumzinda kuti akutumizireni mmodzi kapena awiri odzakhala nanu pofunsa. Ambiri amavomera mukawauza nthawi ikadalipo, ndipo ena amapezerapo achinyamata oti awatenge pa attachment. Mmisiri uja akhalenso pa tebulo lomwelo, ndipo funso lake la mmene adzafikire pa fyuluta likhale ndi malikesi ofanana ndi mafunso a mainjiniyawo.